Kompyuta ya magemu yafika koma gemu ikukana: kupeza ndi kukonza driver ya graphics card

Mwana wa achemwali anga anandiimbira foni Loweruka lina m'mamawa, mawu ali ozizira ngati kwagwa zovuta. "Ankolo, kompyuta ija yafika, koma FIFA ikuyenda ngati kabaza wakwera chitunda cha ku Namwera." Bambo ake ali ku Joni, monga alili amuna ambiri a kuno ku Mangochi, ndipo anali atamutumizira kompyuta ya magemu yogulidwa itamangidwa kale, ija ya magalasi m'mbali ndi timagetsi tosinthasintha mitundu. Pomwe ndimafika n'kuti mnyamatayo atatha kale mabandulo awiri kupanga dawunilodi ma driver, ndipo onsewo anali a khadi yomwe mkatimo munalibe. Ndikulemba izi kuti inu musataye ndalama chomwecho. Ndondomeko yake ndi yoyambira pa zinthu zosalira ngakhale tambala, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono.

Driver yomwe tikunena pano si munthu woyendetsa minibasi ya ku Monkey Bay ayi. Ndi kapulogalamu komwe kamathandiza Windows kulankhulana ndi khadi ya graphics, chipangizo cha mkati chomwe chimajambula zithunzi zooneka pa sikirini. Kakasowa kapena kakasokonekera, khadi yamphamvu imangokhala phee m'bokosimo, magemu n'kumadukiza, zilembo n'kumaoneka zazikulu zofufuma.

Musanagule bandulo, zungulirani kuseri kwa bokosi

Kuseri kwa bokosi lija ambiri timangoliti CPU kuli malo awiri olowetsapo chingwe cha monita. Ena ali chakumtunda, pafupi ndi mabowo a USB ndi a chingwe cha intaneti; amenewo ndi a motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse za mkati zimalumikizidwapo. Ena ali chakumunsi, ondandalikana chopingasa pa kachitsulo kakekake. Amenewo ndiwo a khadi ya graphics. Chingwe chanu cha HDMI kapena DisplayPort chiyenera kulowa m'munsimo. Opanga ena amatseka mabowo a khadi ndi titsekero takuda tapulasitiki, ndiye munthu wokondwa ndi katundu watsopano amangolowetsa pomwe paoneka poyera. Mphwanga uja, mwana wa achemwali, anachita zomwezo. Gemu yake imayendetsedwa ndi graphics yofooka ya mu purosesa (ubongo wa kompyuta), khadi yeniyeni ili chigonere.

Ngati purosesa yanu ndi ya Intel yothera ndi chilembo F, monga i5-10400F kapena i5-12400F, mulibe graphics mkati mwake, choncho mukalowetsa chingwe kumtunda kuja sikirini siionetsa kalikonse. Mapurosesa ambiri akale a AMD Ryzen osathera ndi G alinso chimodzimodzi. Anthu abwera kwa ine atanyamula bokosi pa njinga ya kabaza akuti lafa, pamene vuto linali bowo basi. Zimitsani kompyuta, sunthani chingwe, yatsaninso.

Dziwani khadi yomwe ilidi mkati

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Musakhulupirire chomata cha pa katoni, kapena zomwe wogulitsa analemba pa WhatsApp. Funsani kompyutayo. Dinani batani la Windows limodzi ndi X, musankhe Device Manager, ndipo mutsegule Display adapters. Ngati zonse zili bwino muona dzina ngati NVIDIA GeForce GTX 1660 SUPER kapena AMD Radeon RX 6600. Mukaona maina awiri, lina la Intel UHD Graphics, musadandaule: imeneyo ndi graphics ya mu purosesa ija. Lembani dzina lonse pa pepala, ndi timawu ta kumapeto tomwe, chifukwa Ti, SUPER ndi XT si zokongoletsera.

Koma nthawi zambiri, makamaka ngati wina anaikanso Windows kompyutayo isanafike kwa inu, muona palembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Tanthauzo lake n'lakuti Windows ikuona kuti pali khadi koma sikuidziwa, ndiye ikugwiritsa ntchito driver yongogwirizira. Dzinalo mungalipezebe. Dinani pa mawuwo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties, kenako Details, ndipo pa kabokosi ka Property musankhe Hardware Ids. Patuluka mzere wa zilembo ndi manambala wooneka ngati wosokoneza mutu, koma inu muyang'ane zigawo ziwiri zokha. Chigawo choyamba ndi VEN: mukaona VEN_10DE khadiyo ndi ya NVIDIA, VEN_1002 ndi ya AMD, VEN_8086 ndi ya Intel. Chachiwiri ndi DEV, chomwe chimatchula mtundu wake. Mwachitsanzo DEV_1C82 pa NVIDIA ndi GTX 1050 Ti, pamene DEV_67DF pa AMD ndi banja la RX 470, 480, 570 ndi 580. Lembani zigawo ziwirizo pa Google ndi foni yanu, dzina lituluka. Zimenezi sizitha ngakhale 1 MB.

Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z, kopangidwa ndi a TechPowerUp, kakang'ono kwambiri moti sikapweteka bandulo. Ine ndimayenda nako pa fulashi. Kamaonetsa dzina la khadi, kukula kwa memory yake, driver yomwe ilipo ndi kutentha kwake. Tidzakafunanso kutsogoloku.

Ngati mu Device Manager mukuoneka Intel yokha, khadi yaikulu osaoneka n'komwe, siyani zofuna driver. Windows siingaike driver pa chinthu chomwe sikuchiona. Dumphani mupite pomwe ndafotokoza zotsegula bokosi.

Komwe mungaitenge

Makhadi a magemu amachokera ku makampani atatu okha: NVIDIA, AMD ndi Intel. Maina ena mumaona pa khadi, monga MSI, Gigabyte, ASUS, Zotac kapena Sapphire, ndi a omwe anaika mafani ndi chikuto. Mtima wa khadiyo ndi wa mmodzi mwa atatu aja, ndipo driver ndi yomweyo. Choncho pitani pa tsamba lenileni la NVIDIA, AMD kapena Intel, pa gawo la Drivers, n'kusankha khadi yanu ndi Windows yanu. Pa tsamba la NVIDIA samalani: pali mndandanda wa makompyuta a pa tebulo ndi wina wolembedwa Notebooks, wa malaputopu.

Ena afunsa kuti, popeza kompyuta yanga ndi HP Omen, Lenovo Legion, Acer Nitro kapena Alienware ya Dell, bwanji osatenga driver kwa amenewo? Mungathe, ndipo n'kosavuta: pa tsamba lawo mumalemba nambala ya pa chomata cha bokosi, ya Dell imatchedwa Service Tag ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 7, ena amati serial number, tsambalo n'kukupatsani zonse za kompyuta yanuyo. Kungoti driver ya graphics ya kumeneko imakhala yotsalira miyezi yambiri, pamene magemu atsopano amafuna yatsopano. Ine ndimachita chonchi: graphics ndimatenga kwa NVIDIA kapena AMD, koma za chipset ya motherboard, za mawu, za Wi-Fi ndi BIOS (kapulogalamu koyamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyaka) ndimatenga kwa wopanga kompyutayo. Ya graphics ya kwa wopanga ndimaisunga ngati pothawira yatsopano ikavuta. Laputopu ndi nkhani ina, kumeneko ndimayamba ndi ya wopanga.

NVIDIA imakupatsani mitundu iwiri, Game Ready ndi Studio. Wosewera magemu atenge Game Ready. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, magemu n'kumangosewera madzulo, Studio ndi yabwino chifukwa siisinthasintha kawirikawiri. Pulogalamu yakale ija ya GeForce Experience inalowedwa m'malo ndi NVIDIA App kumapeto kwa 2024, ndiye mukaona kanema wa pa YouTube akukuuzani za GeForce Experience dziwani kuti ndi wakale. Ya AMD imatchedwa AMD Software: Adrenalin Edition.

Makhadi akale ali ndi malire ake, ndipo kuno ndi omwe achuluka. Ambiri a GTX 600 ndi 700, monga GTX 660 ndi GTX 760, NVIDIA inasiya kuwapangira ma driver a magemu mu 2021. A GTX 900 ndi GTX 10, kuphatikizapo 1050 Ti ndi 1060 zomwe zili m'nyumba zambiri, analandira Game Ready yomaliza mu 2025, ndipo zomwe zikubwerabe ndi zotseka mipata ya chitetezo basi. AMD nayo inasiya R9 200 ndi R9 300 mu 2021, ndipo RX 570 ndi RX 580 zili ndi driver yakeyake yosiyana ndi ya makhadi atsopano. Sizikutanthauza kuti khadi yanu yatha ntchito. Zikungotanthauza kuti musatenge fayilo ya mnzanu wa RTX 4060 n'kumayembekeza kuti ilowa. Sankhani dzina la khadi yanu pa tsambalo, likupatsani yomaliza yoyenera.

Tsono za mapulogalamu aja olonjeza kukupezerani ma driver onse ndi kudina kamodzi, omwe amazungulira pa mafulashi m'tauni muno: asiyeni. Ena amaika driver yolakwika, ena amabwera ndi zinyalala zodzaza sikirini ndi malonda, ena amakuuzani kuti muli ndi mavuto makumi angapo kuti mulipire. Ndataya masana ambiri kuchotsa zimenezi m'makompyuta a anthu.

Nkhani ya bandulo

Driver ya NVIDIA kapena AMD ya masiku ano imapitirira 600 MB, ina imayandikira 1 GB. Choncho itengeni kamodzi kokha, moyenera. Gulani bandulo yokwanira ya Airtel kapena TNM, ndipo dikirani usiku kapena m'bandakucha pomwe netiweki yapepuka. Ngati mukulumikiza kompyuta ku foni, kaye pitani pa Settings, Network & internet, muyatse Metered connection pa netiwekiyo, apo ayi Windows Update idya bandulo yonse inu mukudikira. Ine ndimakonda kupanga dawunilodi pa foni penipeni, n'kusamutsa fayiloyo ndi chingwe, chifukwa foni ili ndi batire ndipo magetsi akazima palibe chomwe chatayika.

Tengani fayilo yonse, osati kapulogalamu kakang'ono kodzifufuzira kokha pa intaneti. Kameneko kamagwira ntchito bwino, koma sikakusiyirani kanthu m'manja, ndiye tsiku lomwe mudzaikenso Windows mudzagulanso bandulo. Fayilo yonse muisunge pa fulashi osasintha dzina lake, poti m'dzinamo muli nambala ya driver.

Mukapatsidwa fayilo ndi mnzanu, dinani ndi batani lakumanja, Properties, kenako Digital Signatures. Payenera kuoneka NVIDIA Corporation kapena Advanced Micro Devices. Ngati gawolo palibe, musaitsegule. Ndipo mukatsegula fayilo ya NVIDIA n'kutuluka uthenga wa 7-Zip wonena za Data error kapena CRC, vuto si kompyuta yanu: fayiloyo inaduka pa njira. Palibe kuchitira mwina, itengeninso.

Kuika

Yang'anani kumwamba kaye. Sindikuseka. Ngati ndi dzinja ndipo mitambo yada cha ku nyanja, kapena magetsi akuphethiraphethira, dikirani. Magetsi kuzima driver ili pakati polowa ndi njira yachidule yopezera sikirini yakuda. Amene ali ndi UPS, kabokosi ka batire koperekabe magetsi akazima, agwiritse ntchito.

Lembani restore point pa Start, musankhe Create a restore point, ndipo mupange imodzi. Ndi mphindi imodzi yokha, koma zikavuta mudzabwerera pomwe munali. Tsekani magemu ndi china chilichonse, kenako tsegulani fayilo ija. Pa NVIDIA sankhani Custom m'malo mwa Express, ndipo muchonge Perform a clean installation kuti ifufute zakale. Mukhozanso kusankha driver yokha popanda NVIDIA App. Pa AMD mupeza Full Install, Minimal Install ndi Driver Only. Wosadziwa chosankha atenge Full Install. Sikirini iphethira, ida kwa kanthawi, mwina kawiri kapena katatu. Musagwire batani lozimitsira, ndi mmene zimakhalira. Ikamaliza pangani restart, ndipo mubwerere mu Device Manager muone ngati dzina lenileni latuluka popanda kachizindikiro kachikasu.

Pali kanthu kena komwe ambiri amaiwala. Ngati monita yanu ndi ya 144 Hz kapena 165 Hz (kuchuluka kwa zithunzi zomwe imaonetsa pa sekondi), Windows kawirikawiri imaisiya pa 60 mpaka mutasintha nokha. Pitani pa Settings, System, Display, Advanced display, musankhe nambala yaikuluyo. Ikapanda kuoneka, yesani chingwe cha DisplayPort.

Ikakana kulowa

Uthenga wofala ndi wonena kuti driver siikugwirizana ndi Windows yanu, kapena kuti sinapeze khadi yoyenera. Wachiwiriwo nthawi zambiri umatanthauza kuti mwatenga fayilo ya khadi ina. Bwererani ku kapepala munalemba dzina kaja. Woyambawo, dinani Windows ndi R, mulembe winver. Ngati Windows 10 yanu ndi ya zaka za m'mbuyo kwambiri, ija amisiri ena amaika kuchokera pa fulashi yomweyomweyo chaka ndi chaka, ma driver atsopano aikana. Yomaliza ya Windows 10 ndi 22H2, ndipo Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Onaninso kuti ndi ya 64-bit, chifukwa ma driver atsopano a 32-bit anasiya kalekale kupangidwa. Ma Windows odulidwadulidwa aja otchedwa lite, omwe anyamata amawakonda poti ndi opepuka, nawonso amavuta chifukwa wina anachotsamo zigawo zomwe driver imadalira. Onaninso malo pa diski C, pakhale ma GB angapo opanda kanthu.

Zonsezi zili bwino koma ikukanabe, kapena munasintha khadi kuchoka ku AMD kupita ku NVIDIA, ndiye nthawi yosesa m'nyumba yakwana. Chida chake ndi Display Driver Uninstaller, ambiri amangoti DDU, yaulere, ya a Wagnardsoft. Apa tsatirani bwino ndondomeko, chifukwa kulumpha chimodzi kumabweza vuto lomwelo.

Khalani ndi driver yatsopano ija pa kompyuta musanayambe, pamodzi ndi DDU. Onetsetsani kuti mukudziwa password ya Windows, osati PIN yokha, poti nthawi zina Safe Mode, njira yoyatsira Windows ndi zofunikira zokha yomwe tigwiritse ntchito apa, imafuna password. Ndipo ngati diski ili yokhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza diski, khalani ndi kiyi yake pafupi. Ngati kompyuta inabwera ndi akaunti ya munthu wa ku Joni, muimbireni musanayambe. Kenako chotsani intaneti yonse: zulani chingwe, zimitsani Wi-Fi ndi hotspot ya foni. Chifukwa chake n'chakuti Windows ikangoona khadi yopanda driver imathamangira kukatenga yakeyake, n'kuiika inu musanaike yanu.

Gwirani batani la Shift uku mukudina Restart. Patuluka sikirini yabuluu. Sankhani Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako dinani 4. Mwalowa mu Safe Mode, ndipo zinthu zioneka zazikulu zonyansa, musadabwe. Tsegulani DDU, kumanja musankhe GPU ndi kampani ya driver yomwe mukuchotsa, ndipo mudine Clean and restart. Kompyuta ikayakanso, intaneti ikadali yozima, ikani driver yanu, pangani restart, kenako lumikizani intaneti. Mukadzaona kuti patapita masiku Windows yasinthanso driver yokha, lowani mu Device Manager, Properties, Driver, mudine Roll Back Driver kuti ibwerere pa yanu ija.

DDU si chinthu chogwiritsa ntchito mwezi uliwonse ngati kumeta. Ndi ya pamavuto. Ndipo ngati magemu anu akuyenda bwino, palibe lamulo loti driver iliyonse yatsopano muziika. Ine ndimasintha pokhapokha gemu yatsopano ikafuna, kapena pakakhala vuto lomwe yatsopanoyo yakonza. Vuto likayamba tsiku lomwe mwaika yatsopano, bwererani ku yakale. Masamba a NVIDIA ndi AMD amasunga zam'mbuyo.

Driver yalowa koma mavuto sanathe

Kwa mphwanga uja tinasuntha chingwe, tinasesa ndi DDU, tinaika driver yoyenera, gemu n'kuyamba kuyenda bwinobwino. Iye anayamba kale kuitana anzake. Patangotha mphindi khumi, sikirini inada, mawu a gemu akumvekabe, kenako inabwerera ku Windows. Mnyamatayo anati, "Ankolo, tigule bandulo ina tiyese driver ina." Ndinakana. Driver yoikidwa moyera ikamagwabe, kawirikawiri ikungonena za vuto lomwe lili kwina.

Windows ili ndi mlonda wake: khadi ikakhala chete kwa masekondi awiri osayankha, amaidzutsanso driver, n'chifukwa chake sikirini imada kenako n'kubwerera. Akalephera, mumaona sikirini yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE, yotchula fayilo nvlddmkm.sys ngati khadi ndi ya NVIDIA, kapena amdkmdag.sys pa AMD. Anthu akaona dzina la fayilo amati driver ndiyo yolakwa, koma khadi yotentha kwambiri, yosalandira magetsi okwanira kapena yosakhazikika bwino imabweretsa uthenga womwewo. Sikirini ikangouma, yesani kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Kompyuta ilira kamodzi n'kudzutsanso driver popanda kuzimitsa.

Yambani ndi kutentha, poti kuno ndi ku Mangochi. Mwezi wa October masana ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kompyuta ikupuma mpweya wotentha kale. Tsegulani GPU-Z pa gawo la Sensors, kapena Task Manager pa Performance, musewere kwa mphindi khumi ndi zisanu, muone nambala. Pakati pa madigiri 60 ndi 80 pamene mukusewera ndi zabwinobwino. Makhadi ambiri a NVIDIA akafika cha m'ma 83 amayamba kudzichepetsa liwiro okha. Mukaona ikukankhira ku 90, pali chofunika kuchita. Chotsani bokosi pansi muliike pa tebulo, lisagunde khoma, ndipo chotsani kansalu koluka kaja amayi anaphimbirapo kuti lisade. Fumbi la mwera wa June ndi July limalowa paliponse, n'kupanga chinthu ngati thonje pa zitsulo za khadi. Lipemereni ndi blower, panja, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Musapemerere ndi pakamwa, malovu ndi magetsi sizimwerana madzi. M'mabokosi ena ndapezamo nyerere, mphemvu, ngakhale nalimata wouma. Dziwaninso kuti makhadi ambiri atsopano mafani ake sazungulira khadi ikakhala yozizira, ndiye kuona fani itaima pa Windows si vuto. Vuto ndi ikapanda kuzungulira gemu ili mkati.

Chachiwiri ndi magetsi. Ngati kompyuta ikungozima yonse kuti thii, kapena kuyambiranso yokha gemu ikafika potentha, popanda uthenga uliwonse, kayikirani power supply, kabokosi ka mkati kogawa magetsi, osati driver. Mpata womwe khadi imalowa pa motherboard umapereka mpaka mawati 75, chingwe cha mapini 6 chimawonjezera 75, cha mapini 8 chimawonjezera 150. N'chifukwa chake GTX 1050 Ti ndi ma GTX 1650 ambiri safuna chingwe chapadera, pamene RX 580, yomwe imadya cha m'ma 185, singakhale popanda. Pali makompyuta ambiri ogulitsidwa ngati a magemu omwe kwenikweni ndi makompyuta akale a muofesi, wina anangoikamo khadi ndi timagetsi tamitundu, power supply n'kusiya yomweyo yaing'ono. Werengani chomata cha pa power supply muyerekeze ndi zomwe wopanga khadi amalangiza. Ngati mukuyendera jenereta yaing'ono kapena invetala ya sola, yesani tsiku lina pa magetsi a pa gridi muone ngati vuto lipitirira. Chotsaninso ma extension otchipa aja olumikizana atatuatatu.

Kutsegula bokosi

Ngati kompyuta ili ndi waranti ndipo pali chomata choletsa kutsegula, lankhulani kaye ndi wogulitsa, ndipo mujambule vutolo pa foni mumutumizire. Apo ayi, zimitsani, zulani chingwe cha magetsi ku soketi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Goneketsani bokosi chammbali. Zulani chingwe cha magetsi cha pa khadi, masulani sikuluwu ya kuseri, kanikizani kaloko kapulasitiki ka kumapeto kwa mpata, ndipo kokani khadi mowongoka, osaipotoza. Ibwezeni mpaka kaloko kaja kalire kuti tcha. Chingwe cha mapini 8 nthawi zambiri chimakhala cha zigawo ziwiri, mapini 6 ndi 2; zonse zilowe mpaka kukhoma.

Kwa mphwanga nkhani inathera pamenepa. Kompyuta yochoka ku Johannesburg pa thiraki imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, kenako n'kukwera ina kudzera ku Liwonde, ikugwedezeka ulendo wonse, ndipo khadi ndiyo chinthu cholemera cholendewera pa motherboard. Yake inali itatuluka pang'ono cha kumapeto, ndipo kachigawo ka mapini awiri kaja kanali kakungogunda osalowa. Titabwezeretsa anasewera mpaka achemwali anadzazimitsa okha usiku.

Code 43 ndi makhadi achinyengo

Mukaona kachizindikiro kachikasu pa dzina la khadi mu Device Manager, ndipo mu Properties mwalembedwa Code 43, Windows ikunena kuti yaimitsa khadiyo chifukwa yaonetsa vuto. Chitani DDU kamodzi, bwezeretsani khadi mu mpata wake kamodzi. Ikapitirira, tsegulani GPU-Z muwerenge mosamala. Pali makhadi achinyengo ambiri olembedwa GTX 1050 Ti omwe mkati mwake ndi akale kwambiri, monga GTS 450, wina anangosintha BIOS ya pa khadipo kuti azinama dzina. Amakana driver yeniyeni, amangolola ya pa kadisiki komwe anabwera nako, ndipo gemu ikafuna memory yambiri amagwa. Kuyambira 2018 GPU-Z imazindikira ambiri mwa amenewa n'kulemba FAKE kutsogolo kwa dzina. Chizindikiro china ndi bowo labuluu lija la VGA: makhadi enieni a GTX 10 kawirikawiri sakhala nalo.

Ma RX 570 ndi RX 580 akaunjika ali ndi nkhani yawonso. Ambiri anagwira ntchito yokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, ndipo eni ake anasintha BIOS, zomwe zimachititsa kuti driver ya AMD iwakane ndi Code 43 yomweyo. Ena ali ndi kaswitchi kakang'ono m'mphepete kosinthira ku BIOS yachiwiri. Zimitsani kompyuta, kasuntheni, muyesenso. Kulemba BIOS yatsopano n'kotheka koma mukalakwitsa khadi imafa, ndiye zisiyireni munthu yemwe anachitapo. Mukaonanso yolembedwa RX 580 2048SP, dziwani kuti mphamvu yake ili kufupi ndi RX 570, musalipire mtengo wa RX 580 yeniyeni.

Chomaliza ndi timizere, timadontho tobiriwira kapena tofiirira, kapena timabokosi tobalalika pa sikirini. Sinthani chingwe kaye, ndipo yesani pa TV ya pabalaza. Kenako yang'anani nthawi yomwe zikuyamba. Ngati zikuoneka kompyuta ikangoyaka, pa chizindikiro cha wopanga Windows isanatseguke, driver ilibe mlandu chifukwa pa nthawiyo imakhala isanayambe n'komwe ntchito. Memory ya khadi kapena chip yake ndiyo ikudwala. Kuti mutsimikize, nyamulani khadi yokhayo, muikulunge bwino m'katoni, mukaiyese mu kompyuta ya mnzanu yomwe power supply yake ndi yokwanira. Ikakachita zomwezo kumeneko, jambulani, ndipo uthenga upite kwa wogulitsa tsiku lomwelo masiku obwezera katundu asanathe.